Kujambula Mphipi ndi Mbalame Zina Zosaka Pansi pa Madzi: Malangizo a Pang'onopang'ono

Mphipi ndi mbalame imene ojambula ambiri amangoidutsa. Ndi yakuda, ilibe nthenga zokopa maso munthu akaionera patali, ndipo mukati muiloze ndi kamera mumapeza italowa kale m'madzi, pamwamba patangotsala timafunde. Amene ayesapo amabwerako ndi zithunzi za mitundu iwiri: kachinthu kakuda bii kopanda diso pakati pa madzi oyera, kapena mchira wokha ukuzimiririka.

Komatu mbalameyi ndi imodzi mwa zosavuta kuzijambula bwino, chifukwa imachita zinthu mobwerezabwereza. Imamira, imavuuka, imapuma pang'ono, imamiranso, ndipo ikakhuta imakwera pamwala womwe uja wa dzulo kukayanika mapiko. Mukaudziwa mchitidwe umenewu mumasiya kuithamangira kumene yachoka, mumayamba kuidikira kumene ikubwera. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pamenepa.

Gawo 1: Idziweni mbalameyo

Padziko lonse pali mitundu ya mphipi pafupifupi 40, ina ya m'nyanja zamchere, ina ya m'mitsinje, m'madamu ndi m'nyanja za madzi abwino. Mtundu wofala kwambiri, umene asayansi amautcha Phalacrocorax carbo, umapezeka ku Europe, Asia, Africa, Australia ndi kugombe la kum'mawa kwa North America. Choncho kulikonse kumene muli, mphipi sizili kutali kwenikweni.

Zinthu zitatu za thupi lake ndi zimene zimalamulira chithunzi chanu. Choyamba, nthenga zake zakunja zimanyowa, sizikankha madzi ngati za bakha. Izi zimachepetsa mpweya wa m'nthenga, n'chifukwa chake imamira mosavuta, imasambira msana uli pafupi kubisika, komanso imafunika kuyanika mapiko ikatuluka. Chachiwiri, miyendo yake ili kumbuyo kwa thupi ndipo zala zonse zinayi n'zolumikizana ndi khungu. Pansi pa madzi imapalasa ndi mapazi amenewa, koma ikafuna kuuluka imayenera kuthamanga kaye pamwamba pa madzi. Chachitatu, mlomo wake uli ndi ngowe kunsonga. Imagwira nsomba mopingasa, ndipo ngati nsombayo ndi yokulirapo imabwera nayo pamwamba, n'kuitembenuza kuti imeze moyambira kumutu. Masekondi ochepa amenewo ndi amene wojambula amawadikirira m'mawa wonse.

Musaiwale diso. Mphipi zikuluzikulu zili ndi diso lobiriwira lowala, zina za ku North America lili pakati pa lobiriwira ndi la buluu, pamene kamphipi ka mchira wautali ka m'mabango a mu Africa kali ndi diso lofiira psuu. Chithunzi cha mphipi chimene diso silikuoneka ndi chithunzi chakufa, ngakhale china chilichonse chitakhala bwino.

Gawo 2: Ulendo woyamba pitani kukaona, osati kukajambula

Ndikudziwa kuti langizo ili ndi limene ambiri adzalumphe, koma ndilo lopindulitsa kuposa onse.

Funani malo amene mphipi zimapumira. Sasowa: miyala, mitengo youma ya m'madzi, zipilala za milatho kapena za padoko, zonse zitayera mbuu ndi zitosi. Pamene payera kwambiri ndi pamene zimabwera tsiku ndi tsiku. Kenako onani kumene zimasakira. Kawirikawiri ndi pamene nsomba zimaunjikana, monga kumunsi kwa damu, pamathiriro a mtsinje, m'mphepete mwa mabango kapena pafupi ndi miyala.

Mukaipeza imodzi ikusaka, khalani pansi muyambe kuwerenga. Ikangomira, werengani masekondi mpaka ivuuke. Ikavuuka, werenganinso masekondi amene ikukhala pamwamba. Chitani zimenezi kangapo motsatizana. Mudzaona kuti manambalawo sasiyana kwambiri mbalame ikamasaka pamalo amodzi. M'madzi osazama kwambiri mphipi yaikulu imakhala pansi masekondi 20 kapena 30, ngakhale imatha kupitirira mphindi imodzi kozama. Ikamira nthawi yaitali imapumanso nthawi yaitali. Onaninso mbali imene ikulowera. Ikamira mutu utaloza kumanja, nthawi zambiri imavuukira kumanja, mamita 10, 20 kapena kuposerapo kuchokera pamene inalowera. Zambiri zimatsata gombe pang'onopang'ono, ndiye mukhoza kudziwiratu pamene idzakhale pakatha mphindi zisanu.

Lembani m'kabuku kapena pafoni nthawi imene zafika, kumene dzuwa linali, kumene mphepo imachokera, ndi mwala umene unali ndi mbalame. Kunyanja zamchere lembaninso ngati madzi anali odzaza kapena ophwa, chifukwa mwala umene lero uli pafupi nanu mawa pa ola lomwelo ungakhale utamizidwa.

Gawo 3: Zida

Pano sindichedwapo. Lenzi ya 300mm ndi poyambira, 400mm mpaka 600mm ndiye yabwino, poti nambalayi ikakula lenzi imakoka kwambiri zinthu zakutali. Kamera za sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) yaing'ono zimathandiza pa ntchitoyi: pa kamera ya APS-C lenzi ya 400mm imaona ngati ya 600mm kapena kuposerapo pang'ono, ndipo pa Micro Four Thirds ya 300mm imaona ngati ya 600mm. Lenzi ya zumu, monga 100-400mm kapena 150-600mm, ili ndi ubwino wina: mumatha kuibweza kuti muone madzi ambiri pamene mukudikira, n'kuikoka mbalame ikavuuka.

Tengani batire yapadera, khadi yosungira zithunzi yolemba mwachangu, kansalu kopukutira lenzi, pulasitiki yovundikira kamera, ndi choyala pansi choti mugonepo. Kathumba kodzaza mchenga kapena nyemba zouma kamagwira lenzi bwino pansi kuposa tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), pokhapokha tripod yanu ikhale yotha kutsika mpaka pansi. Valani zovala za mtundu wa dothi kapena wa udzu. Malaya oyera mbalame imawaona muli kutali.

Ngati muli ndi foni yokha, musayembekezere kujambula mphipi ikumeza nsomba patali. Jambulani zazikulu: mtengo wodzaza mbalame dzuwa likulowa, kapena mzere wa mphipi ukuuluka pamwamba pa madzi. Kugunditsa foni pa galasi la chida choonera patali kumathandiza pa mbalame imene yangokhala pamwala.

Gawo 4: Sankhani kuwala, kenako mphepo

Nthenga zakuda zimafuna kuwala kofewa kochokera m'munsi. Maola awiri oyamba dzuwa litatuluka ndi awiri omaliza lisanalowe ndi amene amaonetsa kuti mphipi si yakuda kokha. Pamsana ndi pamapiko pali mtundu wa mkuwa, nthenga iliyonse ili ndi mkombero wakuda ngati mamba a nsomba, ndipo pakhosi pamanyezimira mobiriwira kapena mwa buluu. Masana dzuwa lili paliwombo zonsezi zimasowa: nthenga zonyowa zimangothwanima malo ena, malo ena n'kuda bii, diso n'kubisika mumthunzi. Masana omwewo mpweya wotentha umanjenjemera pamwamba pa madzi ndi pamiyala, ndipo lenzi yaitali imaukuza, zithunzi zonse n'kutuluka zosaoneka bwino ngakhale fokasi, kulunjika kwa lenzi pa chinthu kuti chioneke bwino, inali yolondola. Tsiku la mitambo yopyapyala ndi labwino kwambiri pa mbalame zakuda, makamaka mphipi za chifuwa choyera.

Imani moti chithunzithunzi chanu chiloze kumene kuli mbalame. Ndi njira yachidule yodziwira kuti dzuwa lili kumbuyo kwanu.

Mphepo ndi yofunika mofanana. Mbalame zimanyamuka ndi kutera zitayang'ana kumene mphepo ikuchokera, ndipo ngakhale poyanika mapiko zimakonda kuyang'ana komweko. Mphepo ikamakuombani kumsana, mbalame zimakhala zikuyang'ana kwa inu. Ikamakuombani kumaso, mujambula michira basi. Tsiku limene dzuwa ndi mphepo zonse zili kumbuyo kwanu, siyani zina zonse mupite kumadzi. Zikatsutsana, sinthani gombe kapena bwerani madzulo m'malo mwa m'mawa.

Gawo 5: Yandikirani pamene ili pansi pa madzi

Apa m'pamene kuwerenga masekondi kuja kumabweza phindu. Mbalame ili pansi pa madzi siikuonani. Ngati mwaona kuti imakhala pansi masekondi 25, inu muli ndi masekondi 15 oti musunthe. Ikangomira, yendani mofulumira koma mosagunda mapazi, ndipo masekondi 15 akakwana khalani pansi phee, lenzi italoza kale kumadzi. Ikavuuka idzapeza chinthu chosagwedezeka, ndipo zambiri sizilabadira. Ikamiranso, sunthaninso. Musapite molunjika pamene yalowera. Pitani kutsogolo kwake, kumene mwaona kuti ikulowera, kuti iyo ibwere kwa inu.

Pa mbalame imene yakhala pamwala njira ndi ina. Yendani mokhotakhota, pang'onopang'ono, osaiyang'anitsitsa m'maso, ndipo muziima kawirikawiri. Ikapinda mapiko amene inatambasula, ikatalikitsa khosi n'kuyamba kucheukacheuka, dziwani kuti mwafika pamalire. Imani pomwepo, kapena bwererani pang'ono. Ikayambanso kudzikonza nthenga ndi mlomo, mtima wakhala pansi. Mphipi imene mwaithamangitsa pamwala isanaume mwailanda mpumulo umene imaufuna, ndipo inunso mwataya chithunzi.

Tsikani pansi. Ndikubwereza chifukwa palibe chosintha chithunzi cha mbalame ya m'madzi kuposa ichi: tsikani mpaka lenzi ikhale pafupi ndi madzi. Mukajambula mutaimirira, kumbuyo kwa mbalame kumakhala madzi a pafupi nayo, timafunde tonse tikuoneka, ndipo mbalameyo imaoneka ngati yamatidwa pamenepo. Mukagona chafufumimba, kumbuyo kwake kumakhala gombe lakutali limene lenzi imalisungunula kukhala mtundu umodzi wosalala, ndipo woona chithunzicho amamva ngati ali m'madzimo pamodzi ndi mbalame. Sankhani malo oti kutsidya kukhale mitengo, mabango kapena phiri. Madzi amatenga mtundu wa zimenezo, ndipo mbalame yakuda imaoneka bwino pa madzi obiriwira kapena agolide kuposa pa madzi otuwa amene akungobweza thambo.

Koma musanagone pagombe lililonse, dziwani chimene chimakhala m'madzimo. Kumene kuli ng'ona kapena mvuu, musagone m'mphepete mwa madzi, jambulirani pamalo okwera kapena m'boti lalikulu. Kunyanja zamchere yang'anirani madzi akamadzaza, angakutsekereni njira yobwerera. Miyala ya ndere ndi ya zitosi imaterera koopsa. M'bwato valani jekete yoyandamitsa, ndipo lolani bwato liyandame lokha kulowera kumene kuli mbalame m'malo mopalasa molunjika.

Gawo 6: Konzani kamera

Liwiro la shata, kutanthauza kagawo ka sekondi kamene kamera imatseguka kuti kuwala kulowe, liyambe. Pa mbalame yokhala pamwala 1/500 mpaka 1/1000 ndi yokwanira. Pa mbalame yosambira, imene nthawi iliyonse ingamire kapena kuvuuka ndi nsomba, musatsike pansi pa 1/2000. Kuti madontho a madzi aime m'malere, kapena nsomba yoponyedwa m'mwamba ioneke bwino, 1/3200 ndi yabwinopo. Aperture, kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi, ikhale pakati pa f/5.6 ndi f/8. Mbalame ikayandikira kwambiri kapena ikatambasula mapiko, f/8 imathandiza kuti mutu ndi mapiko zonse zioneke. ISO, nambala imene mukaikweza chithunzi chimawala koma chimakhala ndi timadontho, musaiope. Chithunzi cha timadontho ta ISO 3200 chimakonzeka pa kompyuta, koma chogwedera sichikonzeka.

Tsopano vuto lenileni. Kamera imayeza kuwala poganiza kuti zonse zimene ikuona, zikaphatikizidwa, ndi zotuwa pakatikati. Mphipi yaing'ono pakati pa madzi owala imainamiza: kamera imaona kuwala kwambiri, imadetsa chithunzi chonse, mbalame n'kusanduka khala. Pamenepo onjezerani kuwala pa kabatani ka + ndi - ka pakamera, muike pa +1, nthawi zina mpaka +1.7 ngati kumbuyo kuli thambo loyera. Mbalame yomweyo ikadzaza chithunzi, kapena ikakhala kutsogolo kwa mitengo yamdima, kamera imachita mosiyana: imawalitsa mopyola, nthenga zakuda n'kutuwa, khungu lachikasu la kukhosi n'kupserera. Pamenepo chepetsani ndi -0.3 mpaka -1.

Chifukwa mphipi imasambira kuchoka pamadzi owala kupita pa amdima m'kanthawi kochepa, ine ndimaona kuti njira yodalirika ndi manyuwo, chilembo M pakamera, pamene manambala onse mumasankha nokha. Kuwala kumene kukugwera pa mbalame sikusintha ngakhale kumbuyo kwake kusinthe, ndiye mukakonza kamodzi mwakonzeratu. Dzuwa la m'mawa likakhala kumbuyo kwanu, yambani ndi 1/2000, f/7.1, ISO 800. Jambulani chithunzi choyesera pa mbalame iliyonse imene ili pafupi, muone histogram, kachithunzi kooneka ngati phiri kosonyeza zamdima kumanzere ndi zowala kumanja. Phiri lake lisaunjikane kukhoma la kumanzere, lisagundenso khoma la kumanja. Kwezani kapena tsitsani ISO mpaka zitheke. Dzuwa likamakwera muziyesanso mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Mitambo ikamadutsadutsa, siyani ISO pa Auto muzigwiritsa ntchito + ndi - uja.

Mphipi za chifuwa choyera zimafuna kusamala kwina. Tsegulani chenjezo la pakamera lophethira pamalo amene awala mopyola. Kwezani kuwala mpaka chifuwa chiyambe kuphethira, kenako bwererani kamodzi. Zoyera zikapserera sizibwereranso, pamene zakuda zimatha kukwezedwa pang'ono pambuyo pake, bola mwajambula mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona. Ana a mphipi, amene amakhala abulauni, savuta chonchi, ndipo ndi abwino kuphunzirirapo.

Fokasi ikhale yotsata chinthu choyenda, AF-C pa Nikon, Sony ndi ena, Servo pa Canon. Ngati kamera yanu imazindikira diso la mbalame, yatsani, koma dziwani kuti diso la mbalame yakuda yonyowa nthawi zina limaisokoneza, imakagwira timafunde tonyezimira. Zikatero gwiritsani ntchito kadera kakang'ono ka fokasi mukaike pamutu. Lenzi zambiri zazitali zili ndi kabatani koletsa fokasi kufufuza pafupi kwambiri. Kaikeni pa mtunda wautali kuti lenzi isamataye nthawi. Ikani kamera pojambula zithunzi zambiri motsatizana, 10 kapena kuposerapo pa sekondi. Kamera zina zatsopano zimasunga zithunzi za kanthawi kochepa musanatsirize kudina batani. Pa OM System amati Pro Capture, pa Nikon amati Pre-Release Capture. Pa mbalame zomira chinthu chimenechi n'chothandiza zedi.

Gawo 7: Dikirani zochitika zinayi izi

*Kumira.* Mphipi zambiri zimadumpha pang'ono zisanalowe, thupi litapindika, mlomo ukuloza pansi, mchira ndi mapazi zili m'mwamba. Zimachitika mofulumira kuposa chala chanu, choncho musadikire kuona kudumphako. Yang'anani zizindikiro: imaviika nkhope m'madzi kusuzumira, imafinya nthenga thupi n'kuoneka lowonda, kenako khosi limabwerera m'mbuyo pang'ono. Ngati mwawerenga kuti imapuma masekondi 10, yambani kudina pa 8. Siyani malo okwanira kutsogolo kwa mlomo, poti ndi kumene thupi likupita.

*Kuvuuka.* Musayang'ane m'kamera nthawi yonse imene ili pansi, chifukwa lenzi yaitali imaona kadera kochepa. Ikani fokasi pa madzi a mtunda umene mukuganiza kuti ivuukira, kamera ikhale pafupi ndi nkhope, maso onse ali pamadzi. M'madzi abata muziona tithovu kapena tinsomba tikudumpha, ndi chizindikiro chakuti ili pansi pomwepo. Ikavuuka opanda kanthu, jambulanibe, poti madzi amakhala akutsetsereka pamutu ndipo diso limawala. Ikavuuka ndi nsomba, gwirani batani osasiya. Nsomba yaing'ono imamezedwa m'sekondi imodzi kapena ziwiri. Yaikulu imatenga nthawi: mbalame imaigwedeza, imaiviika, imaiponya kuti iitembenuze, khosi n'kufufuma pamene ikutsika. Nthawi imeneyo bwezani zumu pang'ono, chifukwa mphipi zinzake kapena mbalame zina zolanda zimathamangira pomwepo, ndipo mkanganowo umafuna malo. Ikameza musatsitse kamera msanga. Nthawi zambiri imaviika mlomo ndi kugwedeza mutu.

*Kuyanika mapiko.* Ichi ndi chosavuta, chifukwa mbalame imatha kukhala chomwecho kwa mphindi zambiri. Gwiritsani ntchito nthawiyo kukonza chithunzi. Sunthani pang'ono kuti nthambi isadutse kumbuyo kwa mutu, onetsetsani kuti nsonga zonse za mapiko zalowa, ndipo dikirani mutu utembenukire kumbali, kadontho ka kuwala kaoneke m'diso. Masekondi oyamba itangokwera pamwala ndi okoma kwambiri, poti imadzikutumula madzi n'kumwazika. Apa ndi pamenenso mungaswe lamulo la dzuwa kumbuyo: jambulani moyang'anana ndi dzuwa lotuluka kapena lolowa, chepetsani kuwala ndi -1 kapena -2, mbalame ikhale chithunzithunzi chakuda pa madzi ofiira. Maonekedwe a mphipi yotambasula mapiko amadziwika ngakhale popanda nthenga imodzi yooneka.

*Kunyamuka.* Mphipi imalemera ikanyowa. Imathamanga pamadzi ikumenya ndi mapazi onse awiri pamodzi, n'kusiya mzere wa madzi othovoka kumbuyo. Jambulani mopingasa, musadzaze chithunzi ndi mbalame, kuti mzerewo ulowe. Ya pamwala kawirikawiri imachita chitosi, n'kuwerama pang'ono, isananyamuke. Mukaona zimenezo konzekani, koma musaiopseze dala kuti iuluke.

Gawo 8: Mbalame zina zomira

Njira yowerenga masekondi imagwira ntchito pa zonse zomira kuchokera pamwamba pa madzi, kungoti iliyonse ili ndi khalidwe lake.

Mbalame yotchedwa darter, imene ku America amati anhinga, ndi m'bale wa mphipi koma mlomo wake ndi wosongoka wopanda ngowe. Imasambira thupi lonse lili m'madzi, khosi lokha lili kunja ngati njoka, ndipo siidumpha pomira, imangotitimira mwakachetechete. Nsomba imachita kuibaya, ndiye ikavuuka imayenera kuigwedeza kuti ichoke kumlomo, kuiponya m'mwamba ndi kuiwakha. Pa zonse zimene ndatchula, iyi ndi imene imapereka mpata wabwino wa chithunzi cha nsomba ili m'malere. Khosi lake ndi lowonda kwambiri moti fokasi imalitaya msanga, choncho kadera kakang'ono ka fokasi n'kofunika.

Mbalame zotchedwa grebe zala zake sizolumikizana, chala chilichonse chili ndi khungu lakelake m'mbali. Kamtundu kakang'ono, kotalika masentimita 25 mpaka 29, kamamira kawirikawiri kwa nthawi yochepa ndipo kamakonda kuvuukira m'mabango. Musakathamangire, khalani pamalo amodzi kadzabwera. Mitundu yambiri ya grebe imabereka anapiye pamsana, timitu ta mizeremizere tikusuzumira m'nthenga za kholo. Chisa chake chimayandama pamadzi, ndipo funde la boti lingachimize, ndiye khalani patali.

Abakha omira amayenda m'magulu. Sankhani mmodzi mumutsate, apo ayi mudzangozunguza lenzi uku ndi uku. Bakha akamaliza kusamba amaimirira pamadzi n'kukupiza mapiko, ndipo izi zimachitika pafupifupi nthawi zonse, ndiye mukamuona akudzithira madzi pamsana konzekani.

Zogwera m'madzi kuchokera m'mwamba ndi nkhani ina. Gannet, mbalame yaikulu yoyera ya m'nyanja zamchere, amagwa kuchokera mamita ofika 30, n'kulowa m'madzi pa liwiro loyandikira makilomita 100 pa ola. Mtsateni ali m'mwamba, shata pa 1/3200 kapena kuposa, ndipo musakoke zumu yonse. Kingfisher (kambalame ka mlomo wautali kogwira nsomba) wa mawanga akuda ndi oyera wa ku Africa ndi Asia amaima m'malere akukupiza mapiko asanagwe. Mujambuleni ali chiimire, kenako tsitsani lenzi pamadzi a pansi pake mudikire potuluka. Kumutsata akugwa n'kovuta kwambiri.

Gawo 9: Pa zisa, khalani kutali

Mphipi zimaswana m'magulu, m'mitengo, pazilumba kapena m'matanthwe, ndipo nyengo imeneyi ndi pamene zimakongola kwambiri. Mtundu wofala kwambiri uja umamera banga loyera pantchafu, ina imamera tsumba pamutu. Chiyeso choyandikira chimakula. Koma munthu mmodzi akadzidzimutsa gulu, makolo onse amauluka nthawi imodzi, akhwangwala ndi mbalame zina zolusa n'kutola mazira m'mphindi zochepa. Anapiye a mphipi amaswedwa opanda nthenga, ndipo dzuwa kapena kuzizira zimawapha msanga kholo likachoka. Palibe chithunzi choyenera zimenezo.

Musatsike pachilumba cha zisa, musaulutse droni pamwamba pake, ndipo tsatirani malamulo a malo otetezedwa. Zithunzi zabwino za nyengoyi zimajambulidwa kutali ndi zisa: pezani njira imene mbalame zimadutsa zitanyamula timitengo kapena udzu wa m'madzi kumlomo, muime pamenepo dzuwa lili kumbuyo. Musaponye nsomba kuti mukope mbalame. Mukapeza mbalame yodwala kapena zakufa zambiri pamalo amodzi, musazigwire, chifukwa chimfine cha mbalame chapha mbalame za m'madzi zochuluka m'zaka zaposachedwa, mphipi ndi gannet zomwe. Dziwitsani oyang'anira zanyama. Ulusi wa mbedza wotayidwa pagombe utoleni, umakola mbalame zomira kumapazi ndi kumapiko.

Gawo 10: Mukafika kunyumba

Yambani ndi zida. Ngati munali kunyanja yamchere, pukutani kamera ndi kunja kwa lenzi ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi abwino, kenako kouma. Galasi la lenzi liuzireni kaye kuti mchenga uchoke musanalipukute. Musatsekere zida zachinyezi m'chikwama, zimamera nkhungu m'kati mwa galasi. Zisiyeni pamalo ouma, ndipo posunga ikani timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel.

Posankha zithunzi, kuzani chilichonse muone diso. Ngati diso silili pa fokasi, chichotseni, ngakhale nsomba ikuoneka bwino chotani. Pa zotsalazo sankhani zimene mutu watembenukira pang'ono kwa inu. Muonenso ngati diso silinaphimbidwe ndi kakhungu kotuwa kamene mbalame zimaphethira nako, chifukwa m'zithunzi zotsatizana chimodzi kapena ziwiri zimakhala choncho.

Pokonza, wongolani kaye mzere wa madzi, popeza munthu akagona pansi kamera imapendekeka osazindikira. Kwezani mithunzi pang'ono kuti mizere ya nthenga ioneke, koma musapitirire mpaka mbalame kutuwa. Mphipi ikhalebe yakuda. Tsitsani malo owala kwambiri pachifuwa ndi pamadzi. Nthenga zakuda zimatenga mtundu wa buluu wa thambo, makamaka mumthunzi, ndiye ngati wachuluka uchepetseni pa mbalame yokha osakhudza madzi. Podula chithunzi siyani malo ambiri kumene mbalame ikuyang'ana, ndipo ngati chithunzithunzi chake chikuoneka m'madzi, chilowetseni chonse kapena chiduleni pafupi ndi thupi, osati pakati.

Pomaliza tsegulani kabuku kaja, mulembe nthawi imene zithunzi zabwino zajambulidwa, manambala a kamera amene agwira ntchito, ndi pamene munakhala. Mphipi zikapanda kusokonezedwa zimabwerera pamiyala yomweyo, choncho ulendo wotsatira fikani mdima usanathe, mukhale pamalo panu zisanafike.